Chitambala cha pachithunzi

Amayi, kodi kumene muliko mukukhala bwanji?

Kuno tikudzuka. Mpongozi wanu uja, mkazi wa Yona, anachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Njovu zinalowa m'munda wa ku Nsefu chimanga chitangokhwima, zinatisiyira mizere ingapo. Thonje lokha lachitako bwino. Yona atandiuza za njovuzo ndinangoti chabwino. Masiku ano zinthu zambiri ndimangoti chabwino.

Ndikuphunzitsabe mbiri yakale. Ana ankagona m'kalasi, ndiye ndinapeza kachida ka pafoni kopaka mitundu pa zithunzi zakale zija zakuda ndi zoyera. Amabweretsa za agogo awo, foni n'kuwaveka malaya ofiira, kalasi yonse kufa nako kuseka, kenako timakambirana za nthawi imeneyo. Inu mukanati, "Boma likukulipira kuti uziseweretsa ana?" Likundilipira, Amayi.

Lachitatu tinali pa mutu wa ulimi wa thonje. Ndinatenga chithunzi chanu chija muli mtsikana, mutaima pambali pa sikelo yoyezera thonje, chitambala chanu cha pa zikondwerero chili kumutu. Foni inachipaka mtundu wobiriwira. Mtsikana wina wa kutsogolo, Tisa, anafunsa ngati chinalidi chobiriwira. Ndinayang'anitsitsanso chithunzicho.

Chitambala chimenecho ndinachichapa kangati? Munkandiuza kuti, "Usachichape ngati thumba, chinabwera m'nyumba muno iwe usanabwere." Ndine ndinachitulutsa m'sutikesi tsiku la maliro, n'kuchipereka kwa amayi okusambitsani. Munapita nacho. Koma mtundu wake wandithawa. Yona akuti chinali chachikasu, kenako akuti kaya.

Ana ndinawauza kuti foni imangoganizira, sinaliko, n'chifukwa chake timafunsa anthu amene anaona. Analemba m'makope. Belu linalira, ndinafufuta bolodi.

Sindinalire, monganso sindinalire kumanda kuja. Koma ndili ndi mantha, chifukwa ndikatseka maso tsopano mukubwera mutavala chobiriwira, ndipo mukuoneka bwino ndithu. Mwana wa Yona akadzakula adzandifunsa za mwini dzina lake, ine n'kumuuza za foni.

Chopakidwacho ndachifufuta. Loweruka ndipalasa njinga kupita ku Nsefu kwa amayi aang'ono, amene munkabwerekana nawo zovala. Ndikulonjeza kuti ndikawafunsa osawatchulira mtundu uliwonse, ndipo chimene akanene ndidzakulemberani, ngakhale mukuchidziwa kale.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Esnati