Ndinaponda manda ku Roma, mwana ali kumbuyo

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo. Kuno ku Dublin tilipo, koma Tadala watentha thupi, n'chifukwa chake ndikulemba mothamanga.

Sabata yatha bambo ake a Tadala atatsekera sukulu anatitengera ku Roma. Tinayenda pansi mpaka mapazi kutupa, tikuona nyumba zakalekale zogumuka zimene eni ake sazigwetsa, sazikonzanso. Kenako tinalowa m'tchalitchi china, mwana ali kumbuyo. Pansi panali miyala yosalala yolembedwa mayina. Nditafunsa, bambo akewo akuti, "Mwaimapo apo, amake Tadala, ndi manda a ansembe."

Amayi, ndinachokapo msangamsanga. Manda m'tchalitchi? Koma azungu ankangopondapo uku akujambula zithunzi, ena oyembekezera. Kodi iwowa saopa, kapena akufa awo ndi ofatsa?

Adokotala akuti kutentha thupi kwa Tadalaku ndi mano chabe, bambo ake akungondiseka. Chonde mufunse azakhali ngati mizimu ya azungu imagwira mwana wa ku Dedza, ndiponso chimene ndingamusambitse. Akayankha mundiflashe, ndidzaimba nthawi yomweyo. Ngati pafunika kupepesa, andiuzenso ndipepese bwanji, poti ansembe ndinawapondawo Chichewa samva.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mwana wanu,
Esinati