Ovololo Ija Ili M'thumba, Usatsegule

Darlene,

Ndavala jekete ndi thalauza zako zapinki zija. Seka kaye, ukamaliza uwerenge.

M'sitolo muja unandiuza kuti ndigule zapawiri, jekete payokha thalauza palokha. Ine, katswiri wa njinga zamoto zoyenda pachipale chofewa, ndinati mwamuna weniweni amavala ovololo kuti mphepo isowe polowera. Mphepo sinalowedi. Koma m'mawa uno tili pakati pa nkhalango, nyemba zatsabola zomwe tinadya dzulo kwa mchimwene wako Lyle zinayamba kufuna potulukira. Ndinaimitsa njinga n'kuthamangira kuseri kwa mtengo. Munthu wa ovololo kuti anjute amayenera kuvula mpaka m'mawondo, ndiye tangoganiza mwamuna wako ali mbulanda, mano akugundana, chisanu chikumuluma paliponse. Chifukwa cha phuma ndinaiwala kuti chipewa chosokerera ku ovololoyo chimalendewera kumbuyo. Ndinakumbukira nditachivala.

Lyle, yemwe ndinali naye paulendowu, anaseka mpaka kugwa panjinga.

Ndasamba kawiri ndipo ndikubwerera, chifukwa njinga ya mnzathu Wendell yafera panyanja youndana ija ndipo chingwe chokokera ndili nacho ndine. Ndikachedwa aumira konko.

Ovololoyo ili m'thumba lakuda kuseri kwa galaja. Isiye iume ndi chisanu komweko, usayerekeze kuilowetsa m'nyumba mofunda muno. Galu asayandikireko.

Lyle akaimba foni usayankhe. Akaimba mayi ako, ndiye kuti nkhani yafika kale kutchalitchi.

Pepa, unkanena zoona. Thalauza lakoli landikwana bwinobwino, koma zimenezonso tisakambe.

Gordie