Njinga yabwerako kutsidya

Lachitatu madzulo. Kunatentha kwambiri lero, koma mtima wanga uli m'malo.

Njinga ya bambo a Esinati yapezeka, ija ya kabaza imene anatibera ku Muloza mwezi watha. Tonse tinkadziwa kuti anaiwolotsera ku Milange, ku Mozambique, ndipo tinali titataya kale mtima.

Amene anabwera nayo ndi apolisi ena ataliatali, akuikankha. Ndinawafunsa kuti, "Mwaipeza kuti, bwana?" Iwo anati, "Mayi, ingolandirani. Zinazo si zanu." Ndinafunsanso ngati n'zoona zimene anthu akunong'onezana kumsika, zoti masiku ano akuyendera limodzi ndi asilikali a kutsidya. Anakanitsitsa: "Ife sitiwoloka."

Ndinawapatsa madzi akumwa. Pobweza chikho anangoti, "Obrigado." Chipwitikizi chenicheni. Kenako anadzigwira pakamwa. Ndinaseka mpaka misozi, iwonso analephera kudziletsa.

Zimandinyansa kuti boma limatibisira ngati ndife ana. Likanalengeza, akuba akanaopa, ifenso tikanadziwa kokadandaula. Komabe ngati akugwiranadi manja chonchi, kaya mobisa kaya poyera, mwina zinanso zibwerako.

Mawa ndikawauza amayi kuti chingwe cha mbuzi zawo zinabedwa zija asataye kaye.