Chitofu Chimodzi Chitikwanira

Ovaro,
9 Disembala 2023

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndipo zikomo pondikonzera chipinda kwanuko ku Torino. Koma musavutike, chaka chino sindibwera. Panja chipale chofewa chafika m'maondo, koma m'nyumba muno ndikuyenda ndi malaya opyapyala.

Chitofu chatsopano chija chandipumitsa ku nkhwangwa. Timibulu ta utuchi wa paini timayaka msanga, phulusa lake n'lochepa. Ukathira m'bokosi lake n'kudina batani, timagwera tokha pamoto pang'onopang'ono tsiku lonse.

Munafunsa kuti amandinyamulira ndani matumba olemerawa, msana wanga uli chomwechi. Ndikuvomera, funsoli ndinalizemba dala. Ndi a Tarcisio ocheka matabwa aja, amene munkawatcha kadzidzi chifukwa chosaseka. M'mawa uliwonse ankadzandithirira thumba, n'kubwerera kukathira m'chitofu chawo. Kenako anayamba kundipezera zifukwa.

"A Fulvia, galasi la chitofuli mwapukuta, kapena mwangolisisita? Moto wake uli kuti?"

"Maso akakalamba musamanamizire galasi," ndinatero. "Nsanza ndi iyo."

Anapukuta, ine n'kuwapatsa khofi. Sabata isanathe, polenta ya masana, nsima yathu ija, tinkadyera limodzi. Mwezi watha anangoti, maso ali pamoto, "Zitofu ziwiri kuyakira nkhalamba ziwiri, kumeneku si kuwononga mitengo?" Ndinati n'kuwonongadi. Kwa wansembe tapitako kale, ukwati uliko pa 20 Januwale, ndipo chitofu chawocho adzachizimitsa tsiku lomwelo.

Achemwali, ndine wokondwa, manyazi ndilibe. Chondisowetsa mtendere ndi mwana wanga Ettore. Chimwalirireni bambo ake, akabwera kuno kuchokera ku Torino salola munthu kukhala pampando wawo wa pafupi ndi moto, pomwe a Tarcisio, osadziwa, amakhala pomwepo. Ndamuimbira katatu, katatu konseko tangokamba za kuzizira, za ukwatiwu osazitchula. Poti amadya kwanu Lamulungu lililonse, ndiponso inu amakumverani, chonde mumuuze ndinu, koma ayambe wakhuta. Mumuuze kuti bambo ake sindinawaiwale, kungoti kuwotha moto ndekha ndatopa nako. Ndikufuna wondigwira mkono polowa m'tchalitchi adzakhale iyeyo.

Moni kwa alamu ndi zidzukulu. A Tarcisio akupereka moni kwa nonse, makamaka kwa Ettore. Ndimawawerengera kalatayi mokweza, ndipo nditafika pa za mpando anyamuka mwakachetechete, n'kukakhala pathumba la timibulu.

Ndine mng'ono wanu,
Fulvia