Bango Limene Ndinayezera Alesi

Domasi,
Zomba.
Juni, 1996.

Okondedwa achemwali a Dina,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu kumeneko ku Mzuzu, inu, alamu ndi kamwana. Akuti kumeneko kumazizira kuposa kuno, ndiye muzikafunditsa bwino. Kamalaya ndinakatumizira kaja kakukwanabe, kapena kayamba kuthina m'khwapa?

Kuno amayi ali bwino, kungoti mwendo uja ukumawavuta m'mawa kukazizira. Mpunga tinakolola. Sunachuluke, koma tidya. Ine m'thupi ndili bwino.

Achemwali, pali nkhani. Ndikufuna muimve kwa ine musanaimve kwa ena. Ndalakwa, ndipo ndalakwira pa makina anu amene munandisiyira.

Paja amalume anakulemberani kuti msuweni wathu Malcolm akukwatira mwezi wamawa. Mkazi wake ndi Jessica, wa ku Naisi. Diresi la mkwatibwi akukabwereka m'tauni, koma zing'onozing'ono zonse anapatsa ine: katsamiro koikapo mphete, maluwa a nsalu obaya pachifuwa pa anyamata operekeza, ndi diresi la kamtsikana kotsogola. Amalume ananena pagulu kuti sangapite nazo kwa telala wakumsika pomwe telala ali m'banja momwemo.

Ndinasangalala, sindinama. Chichokereni inu ndakhala ndikungosoka mayunifolomu, timadiresi ta ana, ndi kuchepetsa zovala za pakaunjika. Za ukwati ndinali ndisanagwirepo.

Kamtsikana kotsogolako dzina lake ndi Alesi, mwana wa mkulu wake wa Jessica. Sanayambe sukulu. Mayi ake anabwera naye kwathu Loweruka lina. Anatsika minibasi kumsewu n'kuyenda wapansi mpaka kuno. Anabweretsa satini woyera ndi neti. Anati akufuna diresi lofika kumapazi, ndi kavelo kochokera kumutu mpaka kuchidendene, kuti mwanayo afanane ndi mkwatibwi.

Tepi yanu ija manambala anafufutika kalekale, ndiye ndimayeza ndi chingwe, n'kumamanga mfundo monga munandiphunzitsira. Ndinamuyeza pachifuwa, m'chiuno ndi m'mikono. Iye amangoseka, akuti ndikumugirigisha. Anandifunsa ngati diresi lake lizidzasesa pansi, ndipo anati likapanda kusesa salifuna.

Tili pakati, amayi anaitana alendowo kuseri kuti akamwe thobwa. Alesi anakana, anatsala ndi ine pakhonde. Anadya nthochi, kenako tulo tinamugwira. Anali atatopa ndi ulendo. Anagona chagada pamphasa, atawongoka bwinobwino, timanja tili m'mbali.

Kunali kutatsala kutalika kokha, kwa diresi ndi kwa velo. Kumudzutsa mwana wa alendo ndinachita manyazi. Kukaitana mayi ake akumwa ndinachitanso manyazi. Ndinayesa chingwe, koma munthu akagona chingwe chimangokhota, sichiwongoka.

Pafupi ndi khonde panali mtolo wa bango limene amayi anadula lokonzera mpanda. Ndinasolola limodzi. Ndinagwada, ndikuliika pambali pa mwanayo, kuyambira pamutu mpaka kuchidendene. Kenako ndinalithyola pomwe pathera mapazi.

Linalira pothyoka. Nditadzutsa mutu, mayi a Alesi anali ataima pakona pa nyumba, chikho chili m'manja.

Sanakuwe. Anaika chikhocho pansi pang'onopang'ono. Anafunsa motsitsa mawu kuti kodi wamwalira ndani pakhomo pano.

Apo ndi pomwe ndinaona chimene iwo amaona. Mwana ali gone, ine ndagwada pambali pake, bango lothyola lili m'manja, nsalu yoyera ili pamiyendo panga. Ndinakumbukira adzukulu akutuluka m'nyumba mwathu tsiku la maliro a abambo, atanyamula bango lotero kupita nalo kumanda kuti akayezere dzenje.

Ndinkadziwa, achemwali. Palibe mwana wa kuno amene sadziwa kuti munthu wamoyo sayezedwa ndi bango ali chigonere. Kungoti nthawi imeneyo m'mutu mwanga munali velo yekha.

Ndinafuna kufotokoza, koma chimene chinatuluka n'chakuti, n'za velo. Basi. Iwo anamunyamula Alesi ali m'tulo, n'kumubereka ngakhale ndi wamkulu, n'kunyamuka osatsazika. Nsalu anaisiya pomwepo. Amayi anawatsatira mpaka kumsewu ndi mwendo wawo uja, akupepesa njira yonse.

Pobwerera anandipeza ndili pamalo pomwe paja, bango ndikadaligwira. Anandilanda n'kukaliponya pamoto. Anandifunsa ngati m'mutu mwanga muli ubongo kapena ulusi wokhawokha. Atatero anakhala pakhonde n'kuyamba kulira, ndipo kulirako kunandipweteka kuposa mawuwo.

Sabata isanathe tinamva kuti Alesi wadwala chibayo, amugoneka kuchipatala ku Malosa. Malcolm ndi amene anabwera kudzanena. Sanakhale pansi. Anandiuzanso chimene sindimadziwa, kuti mayi a Alesi anaika kale ana awiri, ndipo Alesi ndi yekhayo amene watsala. Anandifunsa kuti iye wandilakwira chiyani kuti ndimuchititse manyazi chotero kwa apongozi asanalowe n'komwe m'banjamo. 

Nkhani inayenda msanga. Kumjigo ndikafika, amayi amene amaseka amakhala chete, wina n'kukokera mwana wake pafupi. Ena amati ndikufuna kukhwimira makina kuti ndizipeza anthu ambiri. Ena amati n'chifukwa chake sindiyankhula, ndimakhala ndikuwerenga ana a eni. Enanso amati bango tinaliwotcha pofuna kubisa.

Anthu anayamba kubwera kudzatenga nsalu zawo. Mayi wina anatenga yunifolomu ya mwana wake ilibe mkono umodzi, anati akamaliza yekha ndi singano. Ndinamupindira bwinobwino n'kumupatsa pamodzi ndi mkonowo. Anati makina a Dina sanali otere kale. Dzina lanu linatchulidwa, achemwali, chifukwa cha ine.

Amene anabwera ndi nsalu m'malo modzatenga ndi a Adija okha, akazi a a Twahir a kugolosale aja. Anabwera ndi atsikana awo, n'kuima pakhonde, n'kuyankhula mokweza kuti onse odutsa amve. Anati ndiwayeze ana awo ndi chilichonse chimene ndingafune, kaya munsi, kaya mpini wa khasu, bola ulendo uno mikono ikhale yofanana, chifukwa diresi lomaliza lija mwana amaoneka ngati akuimika minibasi. Ndinaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira. Anandisiya ndilire, iwo akusankha mabatani m'chitini.

Ponyamuka anandiuza kuti ndisiye kubisala ngati mwana wa nkhuku, ndipite kuchipatala ndikaone mwanayo.

Ndinapita. Ndinaphika mpunga, ndikuumanga m'kambale, ndikuyenda mpaka ku Malosa. Ndinafika pageti. Ndinaona amayi akulowa ndi mabasiketi, ena akuchapa matewera. Ndinaganiza kuti ndikalowa, mwanayo n'kupezeka wafooka tsiku lomwelo, adzati ndabwera kudzamaliza. Ndinaima pamenepo mpaka mpunga unazizira, kenako ndinabwerera. Amayi ndinawauza kuti nthawi yoona odwala inali itatha. Inuyo ndakuuzani zoona.

Masiku amenewo makina sindinawagwire. Ndimangopemphera kuti Mulungu asunge mwanayo, osati chifukwa cha dzina langa, ngakhale sindingabise kuti dzina langalo ndimaliganiziranso.

Alesi anachira. Anatuluka m'chipatala, ndipo pano akudya ndi kusewera. Tithokoze Mulungu pamodzi.

Atatuluka, amalume anati tipite ku Naisi tikapepese monga mwa mwambo. Tinanyamula nkhuku. M'njira monse amandiphunzitsa zokanena, ine n'kumabwereza chamumtima. Titafika anatiyalira mphasa pabwalo. Panali ankhoswe a kuchikazi, Jessica, ndi mayi a Alesi. Amalume anayankhula bwino. Atandiuza kuti ndiyankhule, ndinagwada, mawu onse aja n'kuthawa. Ndinangoti pepani. Ndinanenanso kachiwiri.

Mayi a Alesi anandiyang'ana. Kenako anati iwo akudziwa kuti ine si mfiti. Anati mfiti singachite zimenezo masana pakhonde, thobwa ali pomwepo, itayasamula kukamwa ngati mmene ndinachitira ine. Ankhoswe ena anaseka pang'ono. Mayi a Alesi sanaseke.

Anati vuto si ufiti. Anati kulira kwa bango pothyoka anakumva kale kawiri m'nyumba mwawo, ndipo ankaganiza kuti anaiwala. Chichokereni kwathu, munthu akathyola nkhuni kukhitchini, iwo amadzidzimuka n'kuyamba kuitana Alesi. Anati nkhuku alandira, ndipo mlandu palibe, koma khutu lawo silidziwa za nkhuku.

Akuyankhula choncho, Alesi anatulukira kuseri kwa nyumba. Waonda, achemwali, timikono tatsala tating'ono. Anandizindikira. Anathamangira kwa ine akufunsa kuti anti, diresi langa losesa pansi lili kuti. Ine ndinatambasula manja osaganiza. Mayi ake anamugwira pamkono n'kumukokera kumbuyo kwawo. Sanachite mwaukali, dzanja lawo linangopita lokha. Ine manja anga ndinawabweza n'kuwabisa m'chitenje.

Zonse zimene anthu anena kumjigo sizinandilase ngati zimenezo.

Pomaliza anagwirizana chonchi. Diresi lisokedwe, chifukwa mwanayo wakhala akulirira ngakhale ali m'chipatala, ndipo kumuchotsa pa ukwati ndiye kuti anthu anena kuti nkhani ija inali yoona. Koma mayi ake anati Alesi asayezedwenso, kaya ndi chingwe, kaya ndi tepi, kaya ndi telala wina aliyense. Ndipo manja anga asamukhudze. Anati ndimuyang'ane pomwepo, ndikadule ndi maso.

Ndinayesa kumuyang'ana. Maso anga amangobwerera pansi. Ndinabwera kunyumba osadziwa ngakhale pomwe mutu wake umalekezera pa thupi la mayi ake.

Bango linapsa. Mfundo za pachingwe zija sizikuthandizanso, popeza mwanayo waonda. Satini ndi mmodzi yemweyo, anagula wokwanira ndendende, ndikalakwitsa palibe wina. Ndakhala ndikumuyala pamphasa, kutenga sizasi, n'kumupindanso. Mpaka lero sindinadule.

Katsamiro ka mphete ndinamaliza. Ndinaikamo thonje, m'mbali ndinazunguliza lesi, pakati pali riboni womangira mphete. Jessica anabwera kudzakaona, anati n'kabwino, ndipo anandigwira paphewa. Maluwa a anyamata athanso. Chatsala ndi cha Alesi chokha.

Tsono pempho langa ndi ili, achemwali. Bwerani.

Ndikudziwa munalemba kuti ku ukwatiku simubwera chifukwa mwana ndi wamng'ono ndipo ulendo ndi wautali. Ndikudziwanso kuti alamu savomera msanga. Koma inu mumatha kungomuyang'ana mwana akusewera, n'kudula, diresi n'kukwana. Ine zimenezo sindinaphunzire. Amalume atatchula dzina lanu ku Naisi kuja, mayi a Alesi anati akukudziwani, munasokerapo mnansi wawo, ndipo inuyo angakuloleni kumuveka mwanayo ndi kupinda mpendero ali m'thupi.

Simudzagwira ntchito yambiri. Mudzangopita ku Naisi kukamuona, mudzadule, ine ndidzasoka. Tsiku la ukwati mudzamuveke ndi kumumangirira kavelo. Kamwana kanu ndidzakabereka ine, ngati mungandilole. Mukaona kuti simungandisiyire, sindidzadandaula, amayi alipo.

Ine kutchalitchi sindidzapita. Ndawauza kale amalume kuti ndidzakhala kuseri ndi ophika. Anati ndi zopusa, ndine wachibale. Koma ndikufuna mayi a Alesi adzaone mwana wawo akuyenda kutsogolo kwa mkwatibwi osatembenuka kufunafuna pomwe ndaima ine.

Pali chinanso chimene muyenera kudziwa. Malcolm wayambanso kundiyankhula. Lamulungu lapitali anandiuza kuti Alesi amafunsa aliyense wochokera ku Domasi za diresi lake, ndipo wayamba kunena kuti anti aja anamunamiza. Sindinathe kupirira. Ndinamutuma Malcolm kuti akamuuze kuti diresi lake likubwera, akubwera nalo anti ena aakulu ochokera ku Mzuzu pa basi.

Ndinanena zimenezo ndisanakufunseni. Akuti tsopano basi iliyonse ikamadutsa pa Naisi, Alesi amathamangira kumsewu. Ichinso mundikhululukire.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ndine ndapempha, asakukalipireni inu. Kamwana mukapsompsone m'malo mwanga. Amayi akupereka moni, akuti mukabwera mudzatenge mpunga. A Adija nawonso akuti ndikupatseni moni.

Ambuye akusungeni nonse, ndipo akuyendetseni bwino panjira.

Ndine mng'ono wanu,
Chisoni