Madigadi akundilekanitsa ndi mdzukulu wanga

Aphungu,

Funsani aliyense mu Thunder Bay muno kuti katswiri wogwetsa chibuma cha chisanu ndani, akuuzani dzina langa asanameze n'komwe malovu. Ndikunena chibuma chija chimaundana kuseri kwa tayala la galimoto nyengo yozizira, chakuda bii ndi mchere umene amathira mumsewu kuti chisanu chisungunuke. Anthu ena amachigogoda mwaulemu ngati afika pakhomo pa apongozi. Ine chidendene kamodzi basi, chagwa, agalu a dera lonse n'kuyamba kuuwa. Chaka chatha ndinagwetsa china chachikulu ngati thole, mpaka Gord, mnzanga wa nyumba yoyandikana nayo, anatuluka akuthamanga poyesa kuti denga lake lagumuka.

Koma mwendo womwewu ndi umene wandiputira mavuto. Mwezi watha ndinamenya chibuma cha kutsogolo kumanja, ndipo chinagwa chitakoka madigadi a mkati, chipulasitiki chakuda chija chimakuta tayala pamwamba. Pano chikulendewera ngati lilime la galu, ndipo ndikamakhota chimakhula tayala, phokoso lake kumveka mpaka kutsidya kwa malire. Ndinamanga ndi chingwe cha nsapato, chinaduka. Ndinamata ndi tepi, anamatuka ndisanafike pamphambano. Gord anangoima ndi kapu yake ya khofi n'kunena kuti, "Mdala, galimoto yako yayamba kuvula pagulu. Ilemekeze, ipumitse."

Likanakhala phokoso lokha sindikanakuvutitsani. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Annika, anakwatiwa ku Winnipeg, ndipo wabereka mwana wamkazi. Ndimangomuona pa foni, kankhope konse kukwana pa chala changa chachikulu. Akuti anatengera chibwano changa, kutanthauza kuti ndi khanda lokongola kuposa onse m'dziko lino, koma sindinamunyamulepo. Annika ali wamng'ono tinkagawana matayala, iye a kumanzere, ine a kumanja. Ankavala tijombo tofiira, akamenya n'kugwa chagada, n'kumaseka ali gone pa chisanupo. Chichokereni iye ndimamenya onse anayi ndekha, ndipo ndikacheuka palibe woombera m'manja.

Ndinali nditakonza zopita pa galimoto yangayi kukamuona mdzukuluyo. Ndiye Gord, pakamwa ngati wailesi, anamutumizira Annika chithunzi cha galimotoyo. Annika anaimba foni n'kunena kuti, "Adadi, msewu wonse uja wa m'nkhalango, chinthu chikulendewera chonchi? Ayi. Dikirani chisanu chithe." Ine ndinati, "Iwe, bambo ako anayendetsapo galimoto yopanda chitseko m'chimphepo choti mitengo inkauluka." Iye anati, "N'chifukwa chake ndikukana." Kenako ndinamva kamwana kakulira chapatali, foni n'kuduka.

Aphungu, chisanu cha kuno chimatha mwana atayamba kale sukulu. Kabulangeti kamene ndinamugulira kakungokhala pampando wakumbuyo, ndipo ndikuopa kuti pofika ine adzakhala atakapitirira msinkhu. Kodi ndingochizula chipulasitikicho n'kuchitaya, ndinyamuke osamuuza Annika?

R. K., Thunder Bay

Bambo R. K.,

Mwendo wanu ndaupatsa ulemu wake, koma uyambe wapumula m'jombo. Timakilipi togwira madigadi ndi ta pulasitiki, ndipo kukazizira timauma ngati bisiketi. Chibuma chimakhala chitakakamira pa chipulasitikicho, ndiye mukamenya chimodzi mwamenya zonse.

Zochizula musayerekeze. Pa galimoto zambiri kuseri kwake kumadutsa mawaya a magetsi, ndipo nthawi zina kumakhalanso botolo la madzi otsukira galasi. Tayala likamaponya mchere ndi miyala pamenepo, mudzapezeka muli kumbuyo kwa chilole, galasi lili matope okhaokha, madzi osatuluka, tauni yotsatira ili kutali. Zimene akuopa mwana wanu ndi zimenezo.

Lowetsani galimoto m'galaja yofunda kuti chisanu chisungunuke, pulasitiki ifewe. Ikwezeni, muichirikize ndi zitsulo zoimikira, musadalire jeke yekha, kenako chotsani tayala ndipo mutsuke matope onse. Zulani kakilipi kamodzi kamene katsala kabwino mupite nako kusitolo ya zipangizo za galimoto, chifukwa timasiyana kukula kwake. Mugule tokwanira mabowo onse, ndi a mbali inayo omwe, poti nawonso alawa chidendene chanu. Bowo long'ambika muikepo washa wotambalala, kachitsulo kozungulira kokhala ndi bowo pakati. Pamene palibiretu pogwira, bowolani pulasitikiyo chapafupi n'kumanga ndi tizingwe ta pulasitiki tokoka tija, pa chitsulo cholimba, kutali ndi paipi ya mabuleki ndi mawaya. Ngati tayala ladya kale chibowo chachikulu, pezani chipulasitiki china, ngakhale kwa ophwasula galimoto. Mukabwezera tayala, pindani chiwongolero mbali zonse mpaka pothera, mumvetsere ngati pali pokhula. Gord akugwirireni tochi, pakamwa pake papezeko ntchito ina.

Zonyamuka mobisa ayi. Mayi woyamwitsa ali naye kale womusowetsa tulo, musakhale wachiwiri. Muimbireni foni yoonana nkhope, mumuonetse kakilipi kalikonse, mugwedeze ndi dzanja aone yekha kuti zalimba. Nkhani ya galimoto yopanda chitseko muisiye m'thumba tsiku limenelo. Mumuuze zimene mwandiuza inezi, kuti mwamusowa. Ndikukayika ngati anazimvapo zikutuluka pakamwa panu.

Akalola, nyamukani kunja kukuwala, nyengo ili bwino, ndipo muziima m'njira n'kumakankha chisanu cha kumatayala pang'onopang'ono ndi chogwirira cha bulashi yosesera chisanu pa galimoto, chisanaundane. Koma akakanabe, musalimbane naye. Tengani kabulangeti kaja, mukwere basi kapena ndege, galimoto itsale m'galaja. Khanda silifunsa kuti agogo abwera pa chiyani, limangofuna afike amoyo alinyamule.

Aphungu