Amayi Akuphunzira Kukhala Pampando

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi khanda. Kuno tilipo, kupatula miyendo ya amayi imene yatupa. Wachititsa ndine, n'chifukwa chake ndikulemba kalata, poti ndikaimba foni amayi amatchera khutu.

Chinenereni iwe kuti uwagulira tikiti ya ndege adzaone mdzukulu, m'nyumba muno dzina ndi lako lokha. Wowasambitsa ndine, wowawenga zikhadabo ndine, koma mlendo akabwera amamuonetsa chithunzi chako. Za ine amangoti ndi mwana wa pompano. Nsanje ndili nayo, mng'ono wanga, sindibisa. Ndipo ndimaopa kuti akapita kwanuko sadzabweranso.

Tsiku lina anandituma ku ofesi yogulitsa matikiti kuti ndikafunse kutalika kwa ulendowo. Mayi wa pakauntala anaona pakompyuta n'kundilembera pakapepala: kuchoka pabwalo la ndege lathu kukatera pa lanu ndi makilomita 6,400, maola asanu ndi atatu, osaima pena paliponse. Kapepalako ndinakang'amba ndili m'basi. Kunyumba ndinawauza kuti ndi maola makumi awiri, munthu atamangidwa lamba pampando, osadzuka. Ndimati achita mantha n'kukana okha.

Amayi ako ukuwadziwa. M'mawa mwake anakoka mpando wouma uja wa patebulo, kuuika moyang'anana ndi wotchi yapakhoma, n'kudzimanga m'chiuno ndi lamba wa malemu bambo. Ati akuzoloweza thupi. Tsiku loyamba anakhala maola atatu. Madzi akumakana kumwa kuopa kudzuka. Dzulo anafika maola khumi ndi limodzi, ndipo powadzutsa miyendo inali ngati mitondo. Ine kuwathowa mapazi ndi madzi ofunda, iwo kumangoseka, ati angotsala ndi maola asanu ndi anayi kuti akuone.

Ndinalira, koma si chisoni chokha chimene chinandiliza. Chaka chatha nditagonekedwa m'chipatala, amayi omwewa sanakwanitse ngakhale ola limodzi pabenchi, ati msana.

Mawa ndiwauza zoona, miyendo ija isanaonongekeretu. Ndikudziwa mmene adzandiyang'anire. Ndikudziwanso kuti akangomva zoti maola enieni a ulendowo anawapitirira kalekale, chikwama alongedza tsiku lomwelo.

Undikalipire mmene ungafunire, ndalakwa. Koma pempho langa ndi limodzi. Ndamva ukufuna kugula tikiti yopita yokha, zobwerera mudzaonera konko. Chonde, gula yopita ndi yobwerera, tsiku lilembedwe, ndilione ndi maso angawa. Iwe uli ndi mwamuna ndi mwana. Ine m'nyumba muno ndili ndi amayi okha, ngakhale iwo maso awo ali kwa iwe.

Undiperekere moni kwa alamu, ndipo khandalo ulipsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mkulu wako,
amene adzatsale ndi mpando uja.